Kheni ya amalume Alufeyo Namaona

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1947 ku Milonde, makolo awo atangokhazikika kuchokera ku Mozambiki. Dzina lawo ndi a Alufeyo Namaona. Ine ndine Godwin, mwana wa mlongo wawo, mwini malole atatu abuluu mumawaona pa Thuchila aja.

Sukulu anayamba mu 1955, nalekeza sitandade 5. Mu 1968 analembedwa ntchito ku esiteti ya tiyi, ndipo mu 1971 anamanga ukwati woyera ndi mayi Enifa. Pofika 1979 anali kapitawo wa nazale komanso mkulu wa mpingo.

Mu 1987 anandipezera ntchito yothirira mbande za tiyi. Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, iwo anapita kumaliro masiku anayi, nandisiyira kheni yothirira. Ine ndinatsatira timu ya mpira ndi dansi yake. Mbande zikwi zisanu ndi zitatu zinauma. Mabwana atafunsa, amalume anati kulakwa kunali kwawo. Ntchito yawo inatha, m'nyumba ya kampani anatulukamo, ndipo mpaka lero ena mumanong'onezana kuti anali munthu wosasamala. Bodza limenelo likwiriridwe lero: woumitsa mbande ndinali ine.

Ndinathawa. Ku Beira ndinatsuka matayala, ku Harare ndinaphunzira chiwongolero, ku Durban ndinagula lole yanga yoyamba, popanda wondigwira dzanja. Mu 2003 ndinabwerako nditavala suti, nditanyamula njinga yatsopano ndi mawu opepesa amene ndinawaloweza ulendo wonse. Sanandilole kuwamaliza. Anati nkhaniyo anathana nayo sabata yomwe ija, chifukwa Lamulungu lake kunali Mgonero, ndipo sakanalandira chikho cha Ambuye ali ndi chakukhosi. Chinawadandaulitsa n'chakuti ndinasenza zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi mtolo umene iwo anatula kalekale. Kenako anandipatsa kheni, ine mwini malole, suti ili m'thupi, kuti ndikathirire nazale yawo ya mapeyala ndi mikungudza kuseri kwa nyumba.

Anamalira, ndayenda mayiko asanu ndi awiri, maulaliki ndawamva m'zinenero zinayi, koma kukhululuka ndinakumvetsa tsiku limenelo, madzi akulowa mu nsapato zanga zodula. Kuiwala sanaiwale, pakuti ankandiseka nazo Khirisimasi iliyonse. Koma anandipatsanso chinthu chomwecho chimene ndinaononga, monga Ambuye wathu anachitira ndi wophunzira amene anawakana katatu, namusiyirabe nkhosa zawo kuti azidyetse.

Mu Juni 2024 anayamba kudwala mtima. Ndinawathamangitsira kuchipatala ku Mulanje, kenako ku Blantyre, koma Lachitatu pa 14 Ogasiti anatisiya mwamtendere. Asanatsirizike anaitana banja lonse, nanena kuti nazale akusiyira ine, munthu wodziwa bwino zimene zimachitika ukapanda kuthirira.

Asiya mayi Enifa, ana atatu, a Filipo, a Millie ndi a Sharon, zidzukulu khumi ndi ziwiri, komanso mbande mazana anayi. Tikuthokoza abusa, amayi a Mvano, adzukulu okumba manda, anamwino, ndi nonse amene mwatigwira dzanja.

Ofuna kukwera lole pobwerera, malo alipo ambiri, koma mudikire kaye. Sindiliza injini ndisanathirire.

Amalume, inu amene munakhululuka wolakwa asanapepese, Ambuye akulandireni, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.