Malaya a Yona Anali Omaliza

Kale, salaula, zovala zovalidwa kale zija, isanadzaze m'misika ya Lusaka muno, masiku aja tinkalawirira kukafola mzere wa unga, Khisimisi ya mwana inali pa singano ya amake. Inu atsikana a lero mwakhala apa ndi mafoni anu, wina akuonera mzungu akuluka chipewa, wina akuti adzayamba sabata ya mawa, ndipo ine ndikungokuyang'anani chabe, chifukwa Disembala ndimamudziwa, sagogoda pachitseko. Sendezani mpando uwo kumthunzi, amake Natasha, ulusi wanu ungagwere m'madzi a sopo. Mwandifunsa chifukwa chake ine, amene ndinasokera ana a theka la Chawama, sindigwiranso singano ikafika nyengo ino. Ndikuuzani, koma musayembekeze nkhani yokoma.

Masiku amenewo mayi wanzeru ankagula nsalu mu Ogasiti, mitengo isanakwere. Unkapita ku Kamwala kwa amwenye n'kusankha nsalu imodzi, mtundu umodzi, yokwanira ana onse a m'nyumba mwako, ndipo pa Khisimisi ankatuluka atavala zofanana, kuyambira wamkulu mpaka wapamsana. Sekani, sekani, ndikudziwa mukuti ankaoneka ngati kwaya. Koma kwa ife chinali chinthu chachikulu, pakuti akamalowa m'tchalitchi anthu ankalozerana, amvekere awo ndi ana a nyumba imodzi, ali ndi mayi wawo. Lero mumagwada pa mulu wa salaula tsiku lomaliza, uyu diresi ya ku Ulaya, uyu jekete yolembedwa zimene simuwerenga n'komwe, ndipo ana a mimba imodzi amayenda ngati angokumana pa siteshoni.

Ine ndinali ndi ana anayi. Woyamba anali Yona, mnyamata wa zaka khumi ndi chimodzi, kenako atsikana awiri, Esinati ndi Tamara, ndi khanda, Dalitso. Bambo awo, a Sichone, anali Mnamwanga wa ku Isoka, ankakonza magalimoto m'tauni, ndipo ndi iwo anandigulira makina osokera, aja opukusa ndi dzanja. Makina ndinali nawo, chimene ndinalibe ndi nthawi. Kukacha ndinali pampopi ndi zidebe, kuchoka apo kukazinga vitumbuwa, kupita navyo kumsika, kubwera kudzaphika, kuchapa matewera, ndipo kosoka kankatsala kampata kochepa masana, ana atadya, dzuwa lisanabisale kuseri kwa khoma la aneba. Malaiti kunalibe kuno, ndipo koloboyi ankadetsa nsalu ndi mwaye wake. Choncho ndinkagawa ntchito, mwezi umodzi mwana mmodzi, kuyambira wamng'ono kukwera m'mwamba.

Mukufunsa chifukwa chake wamng'ono ankayamba? Inu mulibe ana kodi? Wamng'ono akaona mnzake wavala, iye alibe, nyumba yonse sigona. Wamkulu amamva ukamuuza kuti dikira. Ndipo Yona wanga anali wakumva, mwana wosavuta, woti akaona chidebe chauma amanyamula yekha osamutuma. Chaka chimenecho nsalu inali yabuluu ya timizere toyera, ndipo ataiona anaisisita n'kunena kuti, "Amama, ine nifuna ya manja yatali monga ya batate, na kolala, na thumba apa." Malaya otero si masewera, kolala imafuna mtima wodekha, mabowo a mabatani amafuna maso. Ndinamusungira mbali yabwino kwambiri ya nsalu, ndinaipinda n'kuika pansi pa sutikesi osaidula, kuti ndidzamuyeze pomaliza, poti ankakula ngati chimanga cha pachulu. Ake anali omaliza chifukwa anali oposa onse. Gwirani mawu amenewa.

Ka Dalitso ndinasoka mu Seputembala, diresi ya Tamara mu Okotobala, zonse zikuyenda monga ndinakonzera. Koma tsoka silinunkha. Novembala atangoyamba bambo awo anabwera kuntchito akuti mutu, mutu, ndipo sabata isanathe tinali kumanda.

Pamaliro panabwera mkulu wawo, ba Gibisoni, amene ankagwira mumgodi ku Mufulira, pamodzi ndi mkazi wake. Munthu ameneyu bambo a ana ali moyo sanapondepo pakhomo panga, ngakhale kutumiza kasopo. Titaika maliro anandikhazika pansi pakona, chitenge kumutu, n'kundiuza kuti wamasiye salankhula, ndipo ndikuona ndi maso angawa anatulutsa bedi, wailesi, njinga, mapoto, mpaka mbaula yaikulu ya vitumbuwa. Atafika pa makina, diresi ya Esinati inali ikadali pansi pa singano, theka yosoka. Mkazi wake anaikoka, ulusi n'kuduka, anaiponya pa miyendo panga.

Pamenepo ndinaiwala zoti wamasiye salankhula. Ndinati, "Alamu, tengani zonse, koma makina ndisiyireni, ndiwo munda wa ana awa."

Iwo anandiyang'ana kuchokera kumwamba. "Awe mulamu, ivi ni va mufana wanga. Imwe munabwela na chani kuchoka ku Katete?"

Sizinathere pa katundu. Kwathu kwa Achewa mwana ndi wa mayi ndi malume ake, koma iwo anati kwawo sizitero, analipira malowolo, ndipo mwana wamwamuna ndiye dzina la bambo wake. Yona adzapita ku Mufulira kukaphunzira, atsikana ndi khanda ndikhale nawo. Malume anga a ku Matero, amene ndinkati adzandilankhulira, anangokhala duu, chipewa pa bondo, akuyang'ana nyerere pansi. Amati chibale ndi fupa sichiwola, ine ndinaona tsiku lomwelo kuti ena chibale amachikumbuka pakagwa maliro. Chimodzi chokha ndinapempha, ndipo anavomera pamaso pa anthu: mwanayo adye nafe Khisimisi, adzamutenge Chaka Chatsopano chikapita.

Ndiye ndinati mumtima, zingavute bwanji, ana a Sichone adzalowa m'tchalitchi onse anayi atavala nsalu imodzi, komaliza, kuti Yona akapite akudziwa kumene ali kwawo. Kumsika kunali telala wina, a Saidi, Myao wochokera ku Malawi, ndipo atamva zanga anati Lachisanu masana, iwo akapita ku mzikiti, ndizikhala pa makina awo. Mulungu awakumbukire kumene ali, munthu wa chipembedzo china anandichitira zimene abale a mwamuna wanga analephera. Koma Lachisanu limabwera kamodzi pa sabata, ndipo masiku ena onse inali singano ya pamanja, khanda kumsana, maso otupa ndi kulira, vitumbuwa ndikukazingira pa kambaula kobwereka. Diresi ya Esinati inanditengera mpaka pakati pa Disembala.

Linali Loweruka, masana ngati ano. Ndinali nditangomaliza kupinda m'munsi mwa diresi ija, ndipo ndinati atsikana avale ndione ngati zikukhala, ndi khanda lomwe ndinaliveka. Anatuluka pabwalo akuzungulira, akuseka, koyamba chichitikire maliro, aneba akuwaombera m'manja. Yona anakhala pakhonde atavala malaya ake a sukulu ong'ambika paphewa, akumwetulira, poti ndinali nditamuuza kuti Lolemba tiyamba ake. Ndikutembenuka chonchi, ba Gibisoni ali pakhomo.

"Mulongeleni vovala. Napeza lole ya munzanga ibwelela ku Mufulira lelo, yaimilila ku msewu."

Ndinati, "Alamu, si paja tinapangana Chaka Chatsopano? Malaya ake sindinasoke."

"Lole siyembekeza malaya, mulamu. Kapena muzalipila basi ndimwe mu Januwale?"

Ndinagwada, ana inu, ine amene simunandionepo nditagwadira munthu mu komboni muno. Ndinagwira mwendo wa buluku lawo, ndinalira, ndinatchula dzina la m'bale wawo amene dothi lake linali lisanaume. Anangoyang'ana kumsewu. Ndiye ndinamuimika Yona patsogolo panga n'kuyamba kumuyeza ndi zikhatho, paphewa, pamkono, pakhosi, alongo ake ataima pambali ndi madiresi awo abuluu, kuseka konse kwatha. Iye sanalire. Anayang'ana Esinati, anayang'ana Tamara, anayang'ana khanda, kenako anandifunsa motsitsa mawu, "Amama, yanga muzatumiza zoona?"

"Ndidzatumiza, mwanangu, Khisimisi isanafike."

Ndipo ndinatumiza. Pamenepa mumvetsetse bwino, chifukwa alipo anthu amene ankanena kumbali kuti ndinanyalanyaza. Sabata imeneyo kumsika sindinapite, tinadya phala la mchere, ndinasoka mpaka zala zinatuluka magazi, ndipo a Saidi ndi amene anandiikira kolala ndi manja awo. Malaya okongola ngati amenewo sindinasokenso. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu, wogulitsa kapenta ku Kopabeliti, chigawo chomwe kuli Mufulira, anawanyamula, ndipo atabwerako anandiuza kuti Yona sanamupeze, anali atatumidwa, koma mtolo anaupereka m'manja mwa mkazi wa ba Gibisoni. Mtima wanga unakhala pansi. Pa Khisimisi ndinalowa m'tchalitchi ndi atatu, ndikudziuza kuti wachinayi nayenso wavala buluu kumene ali.

Zaka zinapita. Mafoni kunalibe, ulendo wa ku Mufulira unali wodula kwa mayi wa vitumbuwa, ndipo pamene ndinakwanitsa kupita ndinapeza mwana wolankhula Chibemba, wondipatsa moni ataima patali, mkazi uja ali pambali pake ngati mlonda. Ndinati ndi manyazi a unyamata, adzasintha. Ndinabwerera ndikudzinamiza choncho njira yonse.

Zoona zake ndinazimva pa ukwati wa Esinati, Yona ali bambo wa ndevu, wa galimoto yake. Tinakhala awiri kuseri kwa nyumba ino, pomwe pali chingwe choyanikira paja, ndipo pofuna kupeza poyambira ndinati, "Kodi malaya abuluu aja anakukwana? Paja ndinakuyeza ndi zikhatho chabe."

Anaseka kuseka kosafika m'maso. "Yati? Yaja munatumizila Kelevini?"

Kelevini anali mwana wa ba Gibisoni, msinkhu umodzi ndi iye. Mkazi uja anamasula mtolo wanga, anaona kolala, anaona thumba, n'kuveka mwana wake pa Khisimisi. Yona ataizindikira nsalu ya alongo ake, mkaziyo anamuuza kuti amako atumizira Kelevini pothokoza kuti tawachotsera katundu wolera iwe, iwe sanakutumizire kanthu. Mwana wanga anapita kutchalitchi tsiku limenelo ndi malaya a sukulu, akuyenda kumbuyo kwa malaya ake omwe. Ndipo anakhulupirira, angalekerenji, poti ndi maso ake anaona atatu atavala, iye yekha ayi. "Ninaziba pamene paja," anatero, "kuti munasokela bamene munafuna kusunga."

Ndinamuuza zonse, za sutikesi, za a Saidi, za phala la mchere. Ndinalumbira pa manda a bambo wake. Anamvetsera mwaulemu ngati akumvetsera mlendo m'basi, kenako anaimirira, anasasa fumbi pa buluku, n'kuti, "Vinapita, musavutike." Mawu akalowa mumtima mwa mwana wa zaka khumi ndi chimodzi, ena salowamonso akakula.

Ba Gibisoni anamwalira, koma mkazi uja alipo mpaka lero, wanenepa, akukhala m'nyumba ya malata imene Yona wanga anamumangira, ndipo amamutchula kuti bamayo, ndiye kuti amayi m'Chibemba. Azibusa amandiuza kuti khululukani, amayi, musapite nazo kumanda. Ndimawayankha kuti bedi ndinakhululuka, makina ndinakhululuka, koma amene anaba malaya aja anaba mwana, ndipo zimenezo akakambirane ndi Mulungu, ine ayi. Zimandiwawa lero monga zinandiwawira kuseri kwa nyumba kuja, musaganize kuti ukalamba umaziziritsa.

Chaka chilichonse pa Khisimisi amaimbira Esinati foni. Ine ndimakhala pomwepo, ndimamva mawu ake akuseka, akufunsa za ana, za mvula, za mitengo ya unga, ndipo ndimapukuta manja pa chitenge kuti mwina anena kuti andipatseko foniyo. Pomaliza amati, "Upase moni amai bako."

Basi, tengani ulusi wanu, dzuwa likupita. Ine sindikuletsani kuluka, lukani, sokani, chinthu cha manja a mayi sichifanana ndi cha pa mulu. Ndikungoti, mukamagawa miyezi yanu, pakati pa msika ndi mpopi ndi matewera, yang'anani mwana amene sakupemphani kanthu, amene mukuti uyu ndi wamkulu amamvetsa. Muyambe ndi ameneyo. Ndipo mukamaliza musatume munthu, mumuveke nokha, mumangire mabatani ndi zala zanu, aone kuti ndi zake.