Foni ya Yamikani inalankhula ku kwaya

Okondedwa mwa Ambuye, moni nonse. Ine ndine mayi wothyola tiyi kuno ku Limbuli, kufupi ndi malire a Mozambique, ndipo anthu a pa intaneti anatsala pang'ono kundibera mwana wanga Yamikani. Amene amati ndimakokomeza nkhani ndi ansanje chabe.

Mwanayu atamaliza Folomu 4 anasowa ntchito, basi anakwatira foni. Anaonda moti mphepo ikatsika m'phiri tinkamuika mwala m'thumba, funsani aneba. Kuseka analeka, anzake a mpira anawataya. Tsiku lina ndikudandaula za malipiro a ku esiteti, anayankha osandiyang'ana: "Amayi, minda imeneyi idzabwerera ndi magazi." Ndinagwada kupemphera mpaka mawondo anakumba maenje pa simenti, alipobe.

Foni yanga ndi ya mabatani, choncho ndinatenga yake iye akusamba kuti tikamvere nyimbo ku kwaya. Ndinadina polakwika. Panatuluka mawu a mwamuna, m'Chipwitikizi chimene anyamata athu amatola pamsika. Tonse tinaseka, kupatula a Namaona, oimba besi amene mawu awo amagwetsa mango osapsa. Iwowa anathawa nkhondo ku Mozambique ali mnyamata.

"Make Yamikani, tabwerezani." Anamvetseranso, kenako anatimasulira. "Akuti mwana wanu awoloke malire osatsanzika munthu, chiphaso awotche. Mfuti akaipeza komweko."

Njira yobwerera kunyumba sindikuikumbuka. Nditamufunsa, Yamikani anakalipa, kenako anaulula. Gulu limene analowa pa foni linayamba ndi nthabwala za mpira ndi malonjezo a ntchito. Kenako mavidiyo a anthu osauka akuzunzidwa. Eni gululo ataona kuti wapsa mtima, anamusamutsira ku kagulu ka "osankhidwa", komwe kupha ankakutcha chilungamo.

A Namaona, amene anandiperekeza kunyumba, sanamulalikire. Anati, "Mphwanga, sindikukuletsa. Ungowafunsa kuti ukasintha maganizo adzakulola kubwerera?"

"Amenewa ndi abale anga," anatero Yamikani, akuwalembera funsolo monyada.

Yankho linabwera tili pomwepo. Chinali chithunzi changa, dengu la tiyi lili kumsana, chimene iye mwini anawatumizira kale powaonetsa umphawi wathu. Pansi pake analemba kuti: "Mayi ako tikuwadziwa."

Mwana wanga anakhala pansi m'fumbi n'kundigwira mwendo ngati wa zaka zitatu. Iye yemwe ndiye ananyamula foniyo kupita nayo kupolisi.

Mantha sanathe. Njinga yamoto yachilendo ikaima pamsewu ndimalumpha mpaka kugunda malata, ndipo malata athu ndi aatali. Koma Yamikani ali pakhomo, akuphunzira ukalipentala, ndipo akudya ngati alipo awiri. Ndikuthokoza Mulungu amene anasocheretsa chala changa. Makolo anzanga, mwana akayamba kulankhula mawu osakhala ake, musatope kugwada, komanso musaope kumufunsa amene akumuphunzitsa. Wanga ndinamupeza asanawoloke. Ameni.