Chithunzi Chimene Chili pa Bokosi la a Katsache

Malemu athu, Bambo Ellard Katsache, anabadwa pa 14 Malichi 1956 kwa Malomo m'boma la Ntchisi, achiwiri kubadwa m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Ine ndine Yamiko, mwana wa mlongo wawo. Abanja andituma ndiwerenge mbiriyi, ndipo andipempha ndifotokozenso za chithunzi chimene mukuchiona pa bokosipo, chifukwa kufikira dzulo masana chinali chisanapezeke.

Sukulu anayamba mu 1963 kwawo komweko, sekondale anakaphunzira ku Dowa, ndipo mu 1978 anamaliza maphunziro a zaulimi ku Lilongwe. Chaka chotsatira boma linawatumiza kuno ku Rumphi ngati mlangizi. Potsazika anauza makolo awo kuti kumpoto akakhalako zaka ziwiri basi. Zaka ziwirizo zatha lero.

Mu 1982 ofesi inawapatsa kamera yoti azijambulira minda ya fodya ku Bolero. Inali ndi lenzi imodzi, diso lagalasi lija la kutsogolo kwa kamera, ndipo inali yotambalala, yomeza munda wonse ndi phiri lomwe. Chaka chomwecho anakumana ndi Mayi Judy Msowoya, mphunzitsi wa ku Njakwa kuno. Pofuna kudzionetsa, anawajambula ndi kamera ya minda ija atawayandikira mpaka pamphumi. Filimu itabwera kotsukidwa ku Mzuzu, mphuno ya mayi inali ngati mbatata, makutu atathawira kumbuyo. Azakhali awo a mayi atachiona anafunsa kuti, ngati mnyamata wa ku Ntchisiyu amamuona mwana wawo motere, akumufuniranji? Amene anayenda pakati anatuluka thukuta. Koma ukwati unamangidwa ndithu pa 11 Ogasiti 1984.

Manyazi amenewo ndiwo anali mphunzitsi wawo. Anafufuza mpaka anazindikira kuti mphuno ya mayi inalibe mlandu: lenzi yotambalala ukaiyandikiza kunkhope imakuza chimene chili pafupi, n'kuchepetsa chili kumbuyo. Kuyambira pamenepo anayamba kusaka malenzi ogwiritsidwapo kale, ndipo atatu mwa iwo anawapatsa mayina ngati ana.

Woyamba anali Nkhoswe, wa mu 1986, wojambulira nkhope. Ndi ameneyu ankaima chapatali pang'ono, mpanda wa kumbuyo kwanu n'kusungunuka, inu n'kutuluka monga momwe mumadziganizira mumtima. Dzinalo silinabwere pachabe. Alipo pano amene zithunzi zawo zinawatsogolera kukafunsira, ndipo mabanja awo alipobe.

Mu 1993 kunabwera Mzinga, lenzi yaitali, yolemera, imene ankaitsamiritsa pa ndodo ya nsungwi imene anasema okha. Imeneyi inali ya mpira. Anyamata a pa bwalo la pa Boma akukumbukira lamulo lawo: wothamanga sumuthamangitsa, umaima patali, n'kuloza kumene akupita, n'kumudikira komweko.

Wachitatu anali Kanyerere, wojambulira tinthu ting'onoting'ono pafupi penipeni. Pogwiritsa ntchito ameneyu ankaleka kupuma, chifukwa ngakhale kupuma kumasuntha dzanja. Mbozi zitagwa m'chimanga mu 2017, alimi ambiri anayamba kuziona nkhope pa zithunzi za malemu asanazione m'minda mwawo. Mayi wina wa ku Chitimba, ataona diso la usipa litakula ngati mbale, akuti anakhala masiku akudyera masamba okhaokha.

Ntchito ya boma anapuma mu 2011, n'kutsegula kanyumba kojambulira pafupi ndi msika wa pa Boma. Mafoni atachuluka sanawade. Chimene chinkawapweteka n'kuona achinyamata akudzijambula okha, dzanja litatambasuka, mphuno zikukula ngati ya mu 1982 ija. Ankawaimika m'njira, anthu osawadziwa n'komwe, n'kuwapempha kuti apatse mnzawo foniyo, abwerere m'mbuyo.

Tsono nachi chimene chinatisowetsa mtendere. Munthu amene anajambula theka la boma lino analibe chithunzi chake. Sikuti anali wamanyazi. Vuto linali lakuti mukangokweza kamera, iwo aona kale kuti mwayandikira kwambiri kapena dzuwa mwaliika molakwika, ndiye anyamuka kudzakukonzani, ndipo pomaliza ajambula ndi iwo, inu mwaima pamzere. M'zithunzi zonse za banja muli dzanja lawo likubwera, kapena phewa likutuluka. Cha paukwati wawo chomwe, mkwati waoneka ngati utsi, akulozera wojambula poti aime.

Chokhacho chimene chinawagwira nkhope yonse ndi cha pa chiphaso. Tsiku lojambulitsa, atakhala pampando, anafuna kudziwa kuti kakamerako kali ndi lenzi yanji. Anaweramira kutsogolo kuti awerenge, ndipo nthawi yomweyo kanalira. Mphuno imene anawapatsa mayi inawabwerera. Chiphasocho ankachionetsa atatseka chithunzi ndi chala, ndipo analumbiritsa ana awo kuti tsiku lawo likadzafika, chimenecho chisadzaikidwe pa bokosi.

Matenda a shuga anawapeza nawo mu 2021. Maso anayamba kuchita nkhungu, manja kunjenjemera, ndipo Mzinga unawalemera. Komabe ku mpira sanasiye kupita. Mayi ndiwo ankawanyamulira chikwama. Mu Meyi chaka chino anagonekedwa m'chipatala cha pa Boma, kenako anatumizidwa ku Mzuzu, kumene anatisiya Lachiwiri pa 3 Juni 2025, ali ndi zaka 69.

Thupi lisanafike n'komwe, ana anayamba kusaka. A Rex anakhuthula makatoni a ku studiyo, Mayi Angella anafunsa kumpingo ndi kwa anzawo a malemu a ku ofesi, a Tionge anatumiza uthenga mpaka ku Ntchisi. Munapezeka maukwati, mabatizo, zigoli, mbozi ndi usipa. Ellard Katsache munalibe. Zotsala zinali ziwiri: kuika bokosi lopanda nkhope, kwa munthu amene anapatsa nkhope mabokosi ambiri a m'boma lino, kapena kuphwanya lumbiro. Ndipo monga mwa mwambo wathu, namfedwa sitimuvutitsa ndi zokonzekera. Tinafunsa boma lonse, kusiya munthu mmodzi amene anali khale m'nyumba ya siwa.

Dzulo masana mayi anga, mlamu wawo wa Mayi Judy, polira, anadandaula kuti achimwene apita opanda chithunzi. Mayi anapukuta misozi, n'kutuma munthu akatenge sutikesi yawo ya zitenje. Pansi pake panali chimene mukuchionacho.

Mbiri yake ndi iyi. Mu Ogasiti 2023 mdzukulu wawo Ungweru ankasewera mu timu ya atsikana a sukulu. Malemu anasiyira mayi chikwama ndi ndodo ya nsungwi ija, n'kuyamba kuyenda m'mbali mwa bwalo akufuula malangizo amene palibe anawapempha. Mayi anali atamva lamulo lija zaka makumi atatu. Anadziwa kuti mwamuna wawo sangagwidwe ndi Nkhoswe, chifukwa Nkhoswe amafuna munthu woima. Anatsamiritsa Mzinga pa ndodo, n'kuloza pa ngodya ya bwalo pamene ankadziwa kuti bambo akathera, n'kuwadikira. Ungweru atagoletsa, bambo anatembenuka kufuna mkazi wawo kuti aone ngati waona. Nkhope imene ili pa bokosipo ndi ya munthu amene akufunafuna mkazi wake pakati pa anthu.

Mayi anakatsukitsa chithunzicho osauza munthu, ndipo anawaonetsa bambo m'chipatala ku Mzuzu. Akuti anachiyandikiza kumaso, n'kuchitalikitsa, n'kuchiyandikizanso, akusaka cholakwika. Atachisowa anafunsa kuti ndi lenzi iti. Atauzidwa anati: "Mwasankha bwino, NyaMsowoya. Ine ndinakulakwirani ndili pafupi, inu mwandikonza muli patali." M'sutikesi momwemo munalinso chithunzi cha mu 1982 chija. Mayi akuti chimenecho sichikutuluka.

Malemu asiya mkazi wawo Mayi Judy, ana atatu, a Rex, Mayi Angella ndi a Tionge, zidzukulu zisanu, ndi mlongo wawo mmodzi, Mayi Miriam, amene ndi mayi anga. Mzinga anasiyira Ungweru, Kanyerere anasiyira a Tionge amene anatsata ntchito ya ulangizi, ndipo Nkhoswe akhalabe ku studiyo ndi a Rex.

Abanja akuthokoza mafumu ndi a kwa Msowoya potipatsa malo ogoneka mlendo amene anasanduka mwana wanu. Akuthokoza madokotala ndi anamwino a pa Boma ndi a ku Mzuzu, abusa ndi amayi a mvano, adzukulu amene akumba manda m'nthaka ya miyala ino, anyamata a mpira amene anyamula bokosi, ndi a Hezron Chavula amene anapereka galimoto osayembekezera kupemphedwa. Akuthokozanso nonse amene dzulo munatsitsa zithunzi m'makoma mwanu n'kubwera nazo, poganiza kuti mwina malemu alimo penapake kumbuyo. Munalibe, koma m'chilichonse tinaona pamene anaima. Yewo chomene.

Malume, mwatiimika pamzere zaka zonsezi, mukutiuza kuti tisasunthe. Lero mwakhazikika ndinu, ndipo palibe choti mukonze. Usani mumtendere wa Ambuye.