Mapasaka Awiri M'nyumba ya Takla

— Halo?

— Halo, Takla? Ukundimva?

— Ndikukumvani, Amayi. Mwaswera bwanji?

— Ndaswera. Kaya iwe?

— Ndaswera bwino. Bondo lija likuti bwanji?

— Likadali pamwendo pomwepo. Mwamuna wako ali bwanji? Apongozi ako?

— Onse ali bwino. A Tanios ali kuntchito, kuchipatala. Nanga achimwene ayimba?

— Nikola? Anayimba Lachiwiri, nkhope yokha pagalasi, atavala chijasi cha ku Canada ngati chimbalangondo. Akuti abwera chaka chamawa. Chaka chatha ankatinso chaka chamawa. Tamvera, ndilankhule msanga, magetsi a boma apita ndipo wa jenereta sanayatse. Foni yayamba kufiira.

— Lankhulani.

— Ndagula ufa wa maamulu, timakeke ta Pasaka tisadzasowe m'nyumba muno. Zipatso za kanjedza ndagula kwa Abu Fadi, anayamba ndi mtengo wamisala, ndamusiya atatsala pang'ono kulira. Chikombole cha agogo ako ndachitsuka. Ubwere Lachinayi Loyera tidzaumbe, manja angawa sangagogode chikombole tsiku lonse.

— Amayi...

— Ukwere basi yam'mawa. Yamasana imadzaza ndi ana a sukulu a ku Tripoli.

— Mwadya chiyani lero?

— Mphodza. Dzulo mphodza. Munthu wosala amadya chiyani? Si ngati inu Amaroni a ku Beirut, Pasaka wanu munadya kalekale, pano mukungonyambita mafupa. Ife a Othodokisi kuno ku Kura tikadali m'chipululu. Ndinakuuza ukukwatiwa, ukalowa tchalitchi cha mwamuna udzadya mazira mayi ako akutafuna nyemba.

— Inenso lero ndaphika mphodza.

— Mwamuna wakoyo wayamba kukumana nyama?

— Ayi. Tikusala.

— Mukusala chiyani? Yesu wanu anauka kale.

— Amayi, Yesu ndi mmodzi.

— Ndikudziwa, usandiphunzitse. Ine ndikufunsa za mumphika.

— Pasaka wawo uja ndinapita nawo. Ndinaima pambali pa apongozi, nyimbo zawo sindizidziwa, ndinkangogwedeza milomo. Titabwerera kunyumba kwa apongozi aliyense akugundanitsa mazira ophika a Pasaka, akuseka, ine dzira langa ndinangolisiya m'mbale. Ndinkangoganiza kuti kwathu mukadasala, inu nokha pathebulo. Ndinakadzitsekera kubafa.

— Kukalira kubafa kwa eni ake. Anakuona?

— A Tanios okha. Kutacha ndinapeza atatulutsa tchizi ndi nyama yonse mufiriji, atapatsa mlonda wa pageti. Akuti ngati Pasaka wanga sanafike, ndiye kuti wawonso sanathe.

— Dikira. Anasala kusala kwawo konse kuja, n'kuyambiranso?

— Eya.

— Munthu woonda ngati mpini wa tsache uja? Amayi ake akudziwa?

— Sakudziwa. Lamulungu lililonse amabwera ndi mbale ya nyama yowotcha, timathokoza, timayamikira fungo. Akangotsika masitepe, mbale imawatsatira pambuyo. Mlonda uja wanenepa, lamba akuboola bowo lina.

— Mayi ameneyo akadzadziwa adzati ndine ndakutuma.

— Adzatero ndithu.

— Chabwino, abwere nayenso mkamwiniyo. Sindinamukanize. Adzagona pabedi la Nikola, mapazi akatulukira kunja ndi zake.

— Sangabwere. Anamwino kuchipatala amasinthana. Pa Pasaka wa Amaroni anzawo a Othodokisi anagwira ntchito kuti iwo apume. Tsopano ndi nthawi yawo yobweza, kuyambira Lachinayi mpaka Lamulungu madzulo.

— Basi, iye akagwire ntchito, iwe ubwere. Nkhani yatha.

— Sindibwera, Amayi.

— Netiweki yadula. Wati chiyani?

— Siinadule. Mwamva.

— Takla.

— Ndakhala ndikufuna kukuuzani sabata yonseyi. Ndikatenga foni ndimayibwezanso.

— Iwalako za Lachinayi. Ubwere Loweruka, Lamulungu masana ndikukweza basi ndekha. Usiku umodzi. Mwamuna safa ndi usiku umodzi.

— Ayi.

— Chitini cha mafuta a azitona, oyamba kufinya, chimene ndinasungira Nikola. Chonse, chosatsegula.

— Amayi, si zimenezo.

— Ndi chikombole cha agogo ako pamwamba. Mkazi wa amalume ako wachipempha mpaka kutopa, ndamukaniza. Utenga iwe.

— Simuli kwa Abu Fadi, Amayi. Sinditsitsa.

— Nanga ukatsala uko uzichita chiyani? Kuyang'ana khoma?

— Pafupi ndi chipatala pali katchalitchi kathu ka Othodokisi. Lamulungu mbandakucha tikaima panja limodzi ndi makandulo, ansembe akagogoda chitseko, tikalowa. Kenako a Tanios akayamba ntchito. Masana ndiwapititsira mazira ndi nyama pageti, tikadyera pabenchi.

— Pabenchi la chipatala, pakati pa anthu otsokomola. Kenako?

— Kenako ndibwerera kunyumba.

— Kukakhala wekha m'kanyumba ka m'mwamba kaja, kopanda ndi khonde lomwe. Iwe wekha uko, ine ndekha kuno. Zitsiru ziwiri, basi ikuyenda pakati yopanda munthu.

— Munthu wasala mwezi wina wathunthu chifukwa cha ine. Ndimusiye akamasule yekha ndi sangweji ya pakantini?

— Sindinamutume ine.

— Simunamutume. Palibe anamutuma, n'chifukwa chake. Amayi, m'nyumba muno tilibe zambiri. A Tanios amachoka kukadali mdima, amabwera maso ali ofiira, nthawi zina amagona supuni ili m'manja. Tsiku lonse ndimalankhula ndi ketulo. Anthu a pamasitepe pano sindidziwa ndi mayina awo omwe. Chimene tili nacho awirife ndi kapemphero ka pachitseko m'mawa, nsapato atavala kale, ndi mphodza zimenezi. Tinagwirizana kuti sitidzapemphera wina kuno wina uko. Ndikachiphwanya chaka choyamba chomwechi, chitsala n'chiyani?

— Sunandiuzepo kuti umalankhula ndi ketulo.

— Mukanati ndibwerere kwathu.

— Ndikanatero.

— Mwaona.

— Bambo ako sanasalepo ndi tsiku limodzi chifukwa cha ine. Ankabisa tchizi m'galaja, kuseri kwa matayala, ankayesa sindikudziwa. Ndinkamununkhiza akulowa.

— Ndikukumbuka. Ankandigawira kuti ndisaulule.

— Iwenso? Koma Lamulungu la Pasaka ndiye anali woyamba. Tikangolowa pakhomo, chijasi asanavule, “Khristu wauka,” mawu ngati bulu, nkhuku mpaka kubalalika. Ine n'kuyankha kuchokera kukhitchini, “Waukadi,” kuti angokhala chete. Chaka chino ndi choyamba iye kulibe, ukudziwa.

— Ndikudziwa, Amayi. Bwerani inuyo kuno. Tikugonekani pabedi pathu, ife pansi.

— Nanga kandulo pamanda a bambo ako ayatsa ndani, nkhuku? Ndipo m'tchalitchi cha eni ake sindidziwa poima. Malo anga ndi pachipilala cha kumanzere, aliyense amadziwa, ndi ana omwe saimapo.

— Ndiye titani?

— Usalire, ukundithera batire. Lolemba.

— Lolemba a Tanios ali pa ofu.

— Nonse awiri, basi yam'mawa. Adzandikwezere silinda ya gasi, adzaonenso bondoli. Si namwino kodi? Ulele.

— Tibwera.

— Mafuta aja iwala, anali a Loweruka.

— Chabwino.

— Maamulu ndiumba ndekha, pang'onopang'ono. Lachisanu ndipatsira dalaivala wa basi, ukalandire pasiteji. Ndimuuza kuti ndawerenga, asayese kulawa. Ukamupatse mwamuna wakoyo pabenchi lakelo, osati mlonda.

— Ndikawapatsa.

— Ndipo mphodzazo uzithira anyezi wokazinga wambiri, mpaka ade, ndi mandimu pamwamba. Iwe umaphika ngati za odwala. Munthuyo asagwe m'wodi anthu n'kumati anasalitsidwa ndi a ku Kura.

— Ndamva, Amayi.

— Foni ikulira, ikufuna kuzima. Tamvera. Lamulungu ukangotuluka m'tchalitchimo undiyimbire. Osati meseji, sinditha kuwerenga timalemba timeneto. Uyimbe.

— Ndiyimba.

— Uyambe ndiwe kunena mawu a bambo ako aja.

— Ndiyamba ine.

— Mokweza. Chifukwa ndikayamba ine m'nyumba muno, palibe wondi...

— Amayi? Halo?

— ...

— Halo, Amayi?