Ku Sitandi Kulibe Tomato

Tsiku limene a Henrique, amene anapuma ntchito kunjanji, analengeza kuti banja lichoka ku Rugare kukakhala kusitandi, puloti yatsopano kunja kwa tawuni, mwana wawo Nomatter anawapeza pakhonde akupukuta nsapato. Mtima wake unali pakona, pamene mnyamata wina, Munya, amagulitsa tomato, koma zotere munthu suuza bambo wako.

"Mwatisankhira kwabwino ndithu, bambo," anayamba motero. "Msewu waukulu ngati bwalo la ndege, koma poponda munthu palibe."

A Henrique anavomera kuti msewuwo ndi waukuludi, ndipo anakondwa kuti mwana wayamba kuyamikira zinthu zabwino.

Nomatter anawakumbutsa kuti kuno mchere ukatha ndiwo zili pamoto, umathamanga n'kubwera zisanapserere. Uko mchere ndi ulendo wofuna kutsanzikana ndi abale.

"Uko anthu amagula za mwezi wonse pa galimoto," anatero a Henrique.

"Galimoto yathu ija tilibeyi?"

"Eya, imeneyo tilibedi." Anauzira nsapato n'kuipukutanso.

Mtsikanayo anaona kuti apa pafunika kulimba. Anawayendetsa Rugare yense ndi pakamwa: kutchalitchi kumene amafika belu likadalira, kuchipatala kumene amayi amapita wapansi kukatenga mankhwala, mpaka pansi pa mtengo paja abambowo amasewera bawo ndi anzawo akunjanji. Anati amene anamanga Rugare, kaya anali ndi mtima wotani, anadziwa kuti munthu ali ndi miyendo. Koma amene anayeza kusitandi anayezera matayala. Kombi, minibasi ya kuno, imakusiya pamene tala wathera, kotsalako uzidzionera wekha m'matope. Mipanda italiitali, aliyense ndi geti lake. Munthu ukhoza kufa Lachiwiri, aneba n'kudzamva Lamlungu.

A Henrique anaika nsapato pansi. "Lamlungu?"

"Ngati netiweki ilipo."

"Nanga bawo?"

"Muzikasewera ndi matumba a simenti. Amenewo sabera."

Mkuluyo anaganiza kanthawi, n'kunena kuti simenti singasewere bawo. Nomatter anawathokoza pomuphunzitsa zimenezo. Kenako anawaona akusisita bondo lawo lovuta lija, maso ali kumtengo, ndipo anadziwa kuti nkhondo yatha. M'maganizo anali kale pakona, akudzitama kwa Munya mmene wapulumutsira chikondi chawo ndi pakamwa pokha, Munya akumuikira tomato wa basela, zala zawo zikukhudzana mwangozi monga zimachitira tsiku lililonse.

"Munthu, bambo, azikhala kumene angatumidwe tomato n'kubwerako," anamaliza motero.

"Mwana wanga, sukulu sunapitire pachabe," anatero a Henrique. "Wanditsegula maso. Ine ndi amayi ako kumene kuja sitingakuthe. Titsala konkuno."

Nomatter anangotsala pang'ono kuwagwadira. Koma abambowo anali asanamalize. Anafotokoza modekha kuti simenti, zitseko ndi malata zili kusitandi sizingagone zokha, akuba azidzatola ngati mango. Azakhali ake, amene akulondera kumeneko m'kabini ya matabwa, akudandaula kale kuti alibe wolankhula naye. Kukufunika munthu wa miyendo yatsopano, amene wamaliza sukulu, wopanda chochita, makamaka wodziwa kale mavuto onse a kumeneko kuti asakadabwe.

Nomatter anayang'ana uku ndi uku. Pakhondepo panalibe munthu wina wa miyendo yatsopano.

"Ndimangonena, bambo. Msewu uja ndi wokongola. Mukaupeza bwino inuyo."

"Ayi, wanena zoona. Usabweze."

"Nanga tomato wa pano azigula ndani?"

A Henrique anavala nsapato zawo zonyezimira n'kuimirira.

"Ine. Si pakona pomwepa? Wanena wekha kuti m'pafupi."