Ba Dingani Bauka M'matope, Tigonamo Ndife

Ba Dokotala Nchimunya, bakulu ba kiliniki yathu ya viweto, Ba Tcheyamani ba kuno ku George, Babusa, Ba Ketty bamake Levy pamodzi na bana na bazukulu, banzanga ba nchito, na imwe mwaima pa windo chifukwa mipando yasila, muli bwanji monse?

Ine ndine Exildah, uja wolasa bagalu nyeleti ya katemela. Bagalu bonse ba mu George banizonda. Bakaniona chabe, mchila pakati pa miyendo. Koma bakaona aba bavala tayi apa, Ba Dingani Sakala, bathamanga monga kwabwela malume wa ku Joni. Tagwila nchito tebulo imodzi zaka zambili. Ine nilasa, beve bajambula. Chikondi chonse chipita kwa beve.

Lelo bapuma. Ndipo pali nkhani ya kamela iyi ili pa tebulo, ngati izapitiliza nchito kapena ipita kukagona mu sutukesi. Ba Dokotala, osathawa, nizafikako.

Niyambe na thilauzi. Ba Ketty, mwayamba kale kuseka bamuna banu! Tsiku loyamba kujambula bagalu, bambo aba banabwela na suti ya pa ukwati wao. Munthu wina anabauza kuti galu ayang'ana kamela ukamuonetsa nyama. Banagula soseji. Banaika kuti? Mu thumba la kumbuyo. Pamene banawelama kukonza kamela, galu wina, dzina lake Poizoni, anatenga soseji pamodzi na thumba, na nsalu yonse yozungulila. Bambo banayenda kuchoka pano mpaka kunyumba jekete ili m'chiuno, kupatsa banthu moni chobwelela kumbuyo.

Kuchokela apo banaphunzila. Manje ni kapenta, tunsomba touma, ndipo ikhala mu thumba la kutsogolo. Babusa ni mboni. Pa Sondo Ba Dingani bakangena mu tchalitchi, bagalu bakhala pa khomo kuyembekeza kuti mapemphelo asile.

Taseka. Manje nikambe chimene chinayambitsa vonse ivi, chifukwa bambili simuchidziwa.

Masiku aja tsiku la katemela pano panali zii. Banthu banali kukamba kuti galu ni mlonda chabe, adya makombo, nyeleti ni ya chani. Ndiye kamtsikana ka baneba ba Ba Dingani, Sophie, kanalumiwa na kagalu ka pa nyumba pomwepo. Kachilonda kang'ono, ba nyina banangosuka na sopo. Chiwewe chinamutenga mwana uja. Ba Dingani banalipo pamene anali kuvutika, ndipo banaliponso ku manda. Banakwiya. Banatenga kamela imene banali kujambulila maukwati pa Chibelu, tsiku la Loweluka, banayenda mu komboni monse kuuza banthu kuti aliyense wobweletsa galu ku nyeleti azajambulidwa naye, chithunzi n'kupita nacho kunyumba.

Imwe! Banthu bamene banalibe na chithunzi cha ukwati wao banabwela. Bagalu banasamba kwa nthawi yoyamba. Mdala wina anamuveka galu tayi, iye mwine kubwela na vesti yong'ambika. Mzele unafika ku msika. Banabwelela chithunzi, koma galu aliyense anayamba wapita pa tebulo panga.

Ndipo mudziwa mwamene bajambulila. Sibaima. Bakamba kuti, "Galu ukamujambula uli chiimile aoneka monga kawalala wagwidwa pakuba. Tsika, ufike pamene pali maso yake." Ndiye bagona chafufumimba. Mu fumbi, bagona. Mvula ya mu George muidziwa, madzi kufika mu nyumba, matope osadziwa kuti achokela mu ngalande iti. Bagona momwemo, kapenta m'mwamba, kuliza kamluzu kao kaja. Ba Ketty, malaya onse aja munachapa ndimwe. Penshoni iyi theka ni yanu.

Yang'anani chipupa icho kumbuyo kwanu. Chithunzi chimodzi chinali kupita na mwine galu, chinzake kumatidwa apo. Uyo ni Zaoneka wa bamake Mwaba, amene anali kupelekeza bana ku sukulu n'kubwelela yekha. Uyo wa khutu limodzi ni Tayiga, anali kuyopa nkhuku. Apo pamwamba ni Ba Hamidu, batelala ba pa kona. Beve sibagwila galu, ni chipembedzo chao. Onani mwamene banaimila, patali pang'ono, manja kumbuyo, Simba ali apo ayang'ana kwa beve. Galu uja analonda shopu yao mpaka kukalamba. Pamene anafa, Ba Hamidu banabwela, banaima pa chipupa kuyang'ana chithunzi cha Simba. Pothela pake banafunsa pansipansi, "Ba Dingani, muli nako kachithunzi kena? Kanga kanaonongeka na mvula." Mpaka lelo kali mu dilowa ya makina yao, pamodzi na ulusi.

Banthu babwela kuno opanda galu, kuzaona chabe galu wao amene anafa kale. Bakhala pa benchi, bayamba kusimba. Ba Dingani basiya tiyi, bamvetsela, ndipo bakumbuka dzina la galu aliyense. Dzina la mwine galu ndiye baiwala. Ine banichula Esitele chaka chathunthu.

Ba Dingani, zikomo. Nikamba kuchokela pansi pa mtima. Pali bana mu komboni muno bamene bakula, bakwatila, osadziwa kuti moyo wao unapita mu kamela yanu. Mwatiphunzitsa kuti munthu ukafuna kumuthandiza, uyambe walemekeza chimene akonda.

Manje Ba Dokotala, nafika. Mu miting'i mwezi watha kunamveka kuti masiku ano khadi ya katemela ikwana, aliyense ali na foni, vojambula visile na Ba Dingani. Sinikutsutsani pa gulu, ndimwe bakulu banga. Koma tsiku lija, pamene tinali kusamba m'manja, Ba Dingani bananiuza mau amene ananilasa kupambana nyeleti yanga. Banati, "Exildah, maondo yanga yakana. Nikachoka palibe azagona pansi. Banthu bazaleka kubwela, ndipo tizaikanso mwana wina." Munthu wa nthabwala uja, maso yanali yofiila.

Foni banthu bali nayo, zoona. Koma foni siizamuchotsa munthu pa nyumba kuti akoke galu pa chingwe mpaka kuno. Chimukoka ni chipupa icho, kuti naye galu wake akhalepo pakati pa banzake. Ise ba pa tebulo takambana, ine na Ba Benedict ba ku mankhwala. Beve bazalasa nikagona pansi, ine nizalasa bakagona beve. Nchito iyi siizafa. Olo kapenta tizagula tekha.

Ba Dingani, pitani mukapume. Mukagone pa matilesi monga banthu bena. Mukalime kadimba kanu, mukasewele na bazukulu, malaya yakhale yoyela mpaka madzulo. Mulungu akupatseni zaka zambili na maondo yatsopano.

Koma simuchoka chabe. Pa chipupa chonse icho, fufuzani, mulibe Ba Dingani. Wogwila kamela saoneka. Ndipo ku nyumba kwao kuli galu wokalamba, Akambe, diso limodzi linafa, amene sanajambulidwepo na mwine wake olo kamodzi. Levy, mungenetse.

Ee, ni yeve. Onani mchila! Osaomba m'manja, muzamuthawisa. Ba Dingani, khalani pomwepo, mumugwile pa khosi. Nipatseni kamela. Na kapenta, nidziwa ili mu thumba olo lelo.

Chitenge ichi nasokesa dzulo kwa Ba Hamidu, koma chilibe kanthu. Sunthani mipando. Ba Dokotala, penyani bwino, chifukwa pa Mande muzanipeza so, pa bwalo apo.

Mayo, pansi pazizila! Zaka zonse izi munali kupilila ivi?

Akambe, kuno. Kuno, mdala. Ba Dingani, yang'anani kwa ine. Iyayi, misozi osapukuta, isiyeni.

Yagwila.

Ba Dokotala bagwedeza mutu kuvomela, mwaona monse, mboni ndimwe! Manje wina aniutse, ndipo imwe ombani m'manja mpaka bagalu ba ku komboni ya Matero bayankhe!