Kalata Yanga Anapichirira Fodya

Aulutsi, ndiwerengereni nkhaniyi, makolo a ku Chintheche amve.

Ndili mu Sitandade 3 ndinayamba kukodza magazi. Aphunzitsi anati ndi likodzo, ndipo anandilembera kalata yoti ndikalandire mankhwala kuchipatala cha mishoni. Ndinakaipereka kwa asibweni, alongo awo a amayi, poti ndiwo ankalamula za ine.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Mphwanga, amenewo si matenda. Mwamuna aliyense wa kunyanja amakodza magazi akakula. Wakula, sukulu yatha, mawa ukakoke nawo khoka."

Kalata ija anaing'amba pakati n'kupichirira fodya, ine ndikuona. Amayi anangoweramira chinangwa chimene ankasenda.

Lero anzanga a m'kalasi ndi makalaliki ku Halale. Ine mimba inatupa, khokalo sinditha kukoka, ndipo adokotala akuti ndinabwera mochedwa. Asibweni akandiona amati ndinalodzedwa.

Makolo, magazi si chizindikiro cha kukula. Mwana apite kuchipatala, abwererenso m'kalasi.

Kulemba ndinaiwala. Kalata inoyi wandilembera ndi mwana wawo wa asibweni omwewo. Iyeyo atakodza magazi, asibweniwo anamunyamula okha pabwato kupita naye kumishoni.